Manja Atatu M'mimba mwa Injini

Nkhani iyi ndinaimva koyamba pa Zalewa, chaka chimene ndinkakweza matumba a makala pa lole ya munthu wina wa ku Mwanza. Loleyo inatifera pafupi ndi mlatho, ndipo podikira kuti dalaivala abwere ndi chitsulo kuchokera ku Limbe, ndinakhala pamthunzi ndi mkulu wina womata matayala. Iye anandipatsa nkhaniyi, ine n'kumupatsa fodya. Masiku amenewo magalimoto anali ochepa, ndipo injini iliyonse inali ndi mawu akeake ngati munthu, moti unkadziwa kuti akubwerayo ndi uje usanamuone. Za lerozi zimangolira mofanana. Ndayenda nayo nkhaniyi ku Tete, ku Chipata, mpaka ku Karonga, ndipo paliponse pamene ndinaitula ndinasiya anthu akulozana zala. Senderani kuno, nanunso mulaweko.

Kalekale, pamene chitunda cha Thabwa chinkameza magalimoto monga ng'ona imezera mbuzi, kuchigwa cha Shire kunali mmisiri wa injini dzina lake a Sandalamu. Anali ndi galaja ya malata, dzenje limodzi lokonzerapo galimoto, ndi makina osemera zitsulo amene m'chigwa chonsecho kunalibe ena. Maso awo anali atayamba kuchita chidima, koma makutu ndiwo anali chuma chawo. Galimoto ikamadutsa pamsewu ankatha kunena ali kumbuyo kwa nyumba kuti bawuti wakutiwakuti wamasuka.

Vuto lawo linali limodzi: sankakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni mwansangala ankati ukufuna kanthu. Ukawapatsa mozizira ankati watenga kale kanthu.

Pagalajapo ankagwira ntchito ndi amuna atatu. Woyamba anali Zuze, mwana wawo wobereka okha. Wachiwiri anali Tchale, mwana wa mlongo wawo. Wachitatu anali Layitoni, mkamwini wochokera kumtunda, mwamuna wa mwana wawo Fanesi. Tsono a Sandalamu anali Mmang'anja, ndipo kwawoko chuma chimatsata mwana wa mlongo. Malemu akazi awo anali Msena, ndipo kumeneko chuma chimatsata mwana wa bambo. Choncho Zuze ndi Tchale aliyense ankayang'ana kiyi wa galajayo ngati wake. Layitoni analibe mwambo womuikira kumbuyo, koma ndiye anali ndi adzukulu a mdalayo, ndipo mdalayo ankadya kwa iye. Atatuwo ankapatsirana sipanala akuyang'anana m'mbali.

A Sandalamu anali ndi pikapu yakale yonyamulira thonje ndi mbuzi kupita nazo kumtunda. Inkakwera Thabwa ngati nkhalamba ya nyamakazi. Tsiku lina anapeza tebo pa lole imene inagubuduzika, naimangirira pa injini ya pikapuyo. Tebo ndi chitsulo chopindika ngati nkhono. Utsi wotuluka umachizunguza, icho n'kumakankhira mpweya wochuluka m'mimba mwa injini. Injini yomwetsedwa mpweya chotero imakhala ngati ng'ombe ziwiri m'chikopa cha imodzi. Koma chikopacho chikakhala chofooka, mukudziwa nokha.

Ulendo woyamba injini inaphulika pa khona la m'munsi, madzi otentha n'kuthovoka ngati mphika wa kachasu. Anaimanganso. Ulendo wachiwiri inafika pakati pa chitunda, kenako konirodi, mwendo wachitsulo uja umene umagwira pisitoni, inaboola buloko n'kutulukira panja. Oyilo anadetsa thanthwe la pambali pa msewu.

Wina akanati tebo yakulira injini. A Sandalamu anati, "Alipo wathiramo mchenga."

Atapeza buloko ina, thupi lenileni la injini lija lokhala ndi mabowo a mapisitoni, anapita okha ku Limbe kukagula mapisitoni atsopano ndi maling'i ake owazinga m'chiuno, onyezimira ngati mbale za paukwati. Pobwera anaitana atatu aja.

"Ulendo uno palibe agwire ntchito ndi mnzake," anatero. "Aliyense alowa yekha m'chipinda chamkati, nthawi yakeyake. Ikaphulikanso, ndidziwa dzanja lake. Iwe Zuze, utsuke buloko, basi. Inu akamwini, muyese maling'i m'mabowo, ndipo sipuling'i ya tebo muimange mpaka pamapeto kuti mphamvu yonse ituluke. Iwe Tchale, ulowetse mapisitoni atsopanowa n'kutseka injini. Pasapezeke wowonjezera nzeru zake."

"Nanga inu mukhala kuti, atsibweni?" anafunsa Tchale.

"Pakhomo."

Ndipo anakhaladi pakhomo, kunja, msana ataulozetsa kuchitseko, maso ali pa awiri otsalawo kuti asakodolane. Sanaganize kuti mlonda wolondera khomo saona za m'nyumba.

Komabe zina anaziona. Zuze, amene ntchito yake inali yongotsuka, anachedwa masiku, ndipo potuluka anali ndi fumbi loyera m'mawondo. Layitoni potuluka, m'thumba mwake munali tupa wamng'ono wopalira zitsulo, mpini wake ukusuzumira. Tchale analowa ndi thumba lolemera, nati ndi chinangwa chakamba wake. Kodi chinangwa chimalira ngwengwe? Ndipo madzulo ake munthu wa pabutchala anabwera kudzaitanitsa sikelo yake ya nyama imene Tchale anabwereka. A Sandalamu anangomeza zonsezi. Injini itatsekedwa n'kuikidwa m'galimoto, anaviika chala mu oyilo n'kulawa, kufuna kumva mchenga kapena shuga. Sanamve kanthu, ndipo kusamva kanthuko kunawaopsa koposa.

Kiyi wa pikapuyo sanamupachike pamsomali. Anakamubisa m'kati mwa tayala lakutha, pamulu wa matayala kuseri kwa galaja, kuti pasapezeke woliza injiniyo iwo asanaimve. M'mawa mwake anapita mozemba kukamutenga. Anapisa dzanja m'tayalamo, ndipo njoka ya mamba imene inagonamo inawaluma pamkono.

Anabwera pabwalo akudzandira, kiyi ali m'manja. Kuchipatala chaching'ono cha pafupi kunalibe mankhwala a njoka yotero, ndipo ambulansi inali itanyamula kale mayi wapakati. Moyo wawo unali kumtunda, kuseri kwa Thabwa, ndipo galimoto inalipo imodzi yokha.

Anawagoneka kumbuyo pa matumba a thonje. Apa ndi pamene a Sandalamu anaona chinthu chimene chinawaziziritsa kuposa ululu wa njoka. Amuna atatu aja, amene tsiku lililonse ankalimbirana chiwongolero, anayamba kukankhirana kiyi.

"Yendetsa iwe, msuweni, si bambo ako?" anatero Tchale.

"Lero ndi bambo anga? Dzulo si unkati ndi atsibweni ako?" anayankha Zuze. "Alamu, tengani."

"Ine manja akunjenjemera," anatero Layitoni, akuyang'ana pansi.

Aliyense akuopa zimene waika m'katimo, anaganiza a Sandalamu. Anditchera msampha, ndipo njoka yangowafulumizitsira.

Fanesi, amene anaphunzira chiwongolero ali mtsikana poimika magalimoto pa dzenje, anatsomphola kiyiyo. "Muzikangana muli kumbuyo," anatero. "Kwerani."

Ululu wa mamba umatseka zikope, umamanga lilime, koma makutu umawasiya. A Sandalamu anagona chagada, mutu uli pamiyendo ya Tchale, osatha kunena kanthu, akumva zonse.

Injini itangolira, anamva kugogoda. Gogodo, gogodo, pansipansi, ngati munthu wogogoda pakhomo la maliro. Mapisitoni atsopano salira chotero. Tchale wagulitsa anga, anaganiza, waikamo zakutha. Anafuna kuchotsa mutu pamiyendo ya mbalayo, koma khosi linakana. Atayenda pang'ono m'chigwa, injini itafunda, kugogoda kuja kunazilala.

Atafika patsinde pa chitunda, Fanesi anaponda moto. Tebo inayamba kuimba mluzu wake, kukwera, kukwera, ndipo a Sandalamu anadikira kuti ifike pamwamba paja pamene galimoto imakukankha pamsana. Koma isanafike inangopuma, psii, ngati munthu wotula mtolo. Mphamvu inachepa. Mkamwini wamasula sipuling'i, anaganiza. Akufuna ndifere panjira, mlandu ukhale wa njoka. Fanesi anatukwana, nabweza giya, nabwezanso, mpaka injini inayamba kukuwa ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Ndipo chitunda chonsecho anakwera chikuwire chomwecho.

Pa khona la m'munsi anadutsa. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linali pamutu. Kenako a Sandalamu anamva fungo la chitsulo chotentha, ndi kaphokoso ka madzi obwadamuka kutsogolo.

"Muvi wa kutentha ukukwera," anafuula Fanesi pawindo. "Achimwene, madzi munathira okwana?"

"Analowa ochepa," anatero Zuze ndi mawu aang'ono. "Usaime, mlongo wanga. Chonde usaime."

Madzi alowa ochepa bwanji mu buloko imene watsuka yekha? Ngakhale mwana wanga, anaganiza a Sandalamu. Misozi inatsikira m'makutu.

Anadikira phokoso lija limene analimva kawiri. Anadziwa ndi mapindikidwe a msewu kuti afika pa thanthwe lodetsedwa ndi oyilo. Injini inakuwa, inatentha, inanunkha, koma inadutsa. Mpweya wa pachifuwa pawo unali ukuchepa, wa injini osachepa. Mphepo yozizira ya kumtunda itawakhudza kumaso, anakomoka.

Kuchipatala cha m'tauni anawalanditsa. Adokotala anati akanachedwa pang'ono chabe, akanabwerera m'chigwa ali m'bokosi. Anachira, koma dzanja lolumidwalo linatsala lonjenjemera, losatha kugwira sipanala. Kiyi wa galaja tsopano ankayenera kupita kwa wina.

Atabwerera kwawo sanathokoze munthu. Analamula kuti injini itsitsidwe, iikidwe pa mphasa pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense atsegule ntchito ya mnzake.

Tchale anachotsa zotsekera za m'mbali mwa buloko, nalowetsa waya m'njira za madzi. Wayayo anagunda chinthu cholimba. Theka la m'munsi la njirazo linali lodzaza ndi simenti yosakaniza ndi utuchi wa chitsulo, youma gwa.

"Msuweni, unkayesa ukuwaka manda?" anatero Tchale.

"Bambo," anatero Zuze, "injini yakufa kawiri ija ndinaisuzumira. Makoma a mabowo ndi opyapyala. Tebo ikakankha amapindika ngati chitini. Ndinawapatsa chotsamira. Ndikanakuuzani, mukanati ndikufuna kukwirira galimoto yanu ili moyo. Komanso ndinadziwa kuti awiriwa sangalephere kuwononga penapake, ndiye ndinati bola thupi lilimbe."

Zuze anasolola maling'i, timikombero tachitsulo tija timene timavala pisitoni m'chiuno, nawaonetsa kudzuwa. Nsonga zake zinali zopalidwa ndi tupa, mpata wake utakula. Sipuling'i ya tebo nayo inali yomasulidwa.

"Alamu, mbewa zadya apa, kapena ndinu?" anatero Zuze.

"Apongozi," anatero Layitoni, atagwira chipewa m'manja, "chitsulo chikatentha chimafutukuka. Ling'i ikasowa kotambasukira, nsonga zake zimagundana n'kuswa pisitoni. Ndinazipatsa popumira. Za tebo, ng'ombe yaludzu siimwetsedwa mtsinje wonse. Ndinaichepetsera. Sindinanene chifukwa mkamwini akatsutsa pagalaja ya eni, amati wakula mwendo. Ndiponso ndinkaopa kuti ikaphulika, alamu awiriwa agwirizana tsiku lomwelo n'kuloza ine mlendo."

Layitoni anatulutsa mapisitoni ndi makonirodi. Anali akale, akuda, olemera, ndi zipsera za tupa m'mbali.

"Anga ali kuti?" anafunsa a Sandalamu.

Tchale anapita kunyumba kwake nabwera ndi thumba. Mapisitoni atsopano aja anali momwemo, onyezimira chinyezimirire. Anatenga imodzi, naiika pamwala, naimenya kamodzi ndi hamala. Inaphwanyika ngati mbale yadothi. Anatenga yakale, naimenya kawiri. Hamala inangodumpha.

"Atsibweni, chikomekome cha mkuyu," anatero. "Anuwa ndi oumbidwa m'chikombole. Akalewa ndi osulidwa. Ndinawachotsa pa injini yakufa yopopera madzi kuminda ya nzimbe. Ndinawayeza pa sikelo ya nyama, n'kuwapala mpaka onse analemera mofanana. Akazizira amagogoda, akafunda amakhala chete. Ndikanakuuzani kuti anakunamizani ku Limbe, mukanati ndikufuna nditenge atsopanowa. Komanso buloko inatsukidwa ndi msuweni wangayu, ndiye ndinati bola miyendo ilimbe."

A Sandalamu anatembenuzatembenuza zitsulozo ndi dzanja lawo labwino. Mmisiri anali mmisiri ndithu, ndipo anaona chimene atatuwo anali asanachione.

Simenti ya Zuze inalanda malo a madzi, injini n'kutentha kuposa muyezo. Kutentha kumeneko kukanafutukula maling'i n'kuswa zonse, pakanapanda tupa wa Layitoni.

Kufooketsa kwa Layitoni kunakakamiza Fanesi kukwera chitunda chonse pa giya yaing'ono, injini ikuzungulira ngati yamisala. Kuzungulira kumeneko kukanathyola mwendo wina n'kuutulutsira panja, pakanapanda zitsulo zosulidwa za Tchale.

Zitsulo za Tchale zinali zolemera, zosinja ngati minsi ya amayi anayi mu mtondo umodzi. Kusinja kumeneko kukanang'amba makoma a buloko, pakanapanda simenti ya Zuze.

Aliyense anabweretsa imfa yake, ndipo aliyense anapha imfa ya mnzake.

Atawafotokozera zimenezi, pabwalo panabuka phokoso.

"Ndiye kuti popanda ine, zitsulo zako zakumanda zikanapha bambo anga," anatero Zuze.

"Popanda ine, ulesi wa alamuwa ukanapha atsibweni anga," anatero Tchale.

"Pepani, alamu nonse," anatero Layitoni, "koma uvuni umene munawakawo ndinauzimitsa ndine."

A Sandalamu anawayang'ana mmodzimmodzi. Mtima wawo wakale uja sunafe ndi njoka. Kodi ntchito zitatu zobisika zingalumikizane chonchi mwangozi? Mwina anapangana usana wina iwo ali ku Limbe, ndipo kukanganaku ndi sewero chabe. Koma ngati anapangana, bwanji ankakankhirana kiyi tsiku lija? Ndipo ngati sanapangane, ndiye kuti aliyense anawanamiza payekha, nalola kuti agonekedwe pamwamba pa chinthu chimene mwini wake sanachikhulupirire. Zuze anadziwa kuti madzi ndi ochepa, osanena. Layitoni anadziwa kuti mphamvu yachepa pamene moyo unkafuna liwiro, osanena. Tchale anabisa katundu wa eni pansi pa bedi lake, ndipo ndani akudziwa kuti akanamubweza liti?

Anaitana Fanesi namutambasulira kiyi wa galaja.

"Iwe wekha ndiwe sunandibisire kanthu."

Fanesi anapinda manja. "Ine ayi, Bambo. Mukandipatsa ine, mwapatsa amuna anga kudzera kukhomo lakuseri, ndipo achimwene ndi asuweni sadzandilankhulanso. Ine ndinangoponda zimene ndinapeza. Weruzani za m'kati mwa injinimo."

Achibale a kwa mlongo wawo anabwera nati mwambo ukudziwika. Achibale a kwa malemu akazi awo anabwera nati mwambo ukudziwikadi. A Sandalamu anawabweza onse. Anati kiyi apita kwa amene dzanja lake linawakweza Thabwa, osati kwa amene mwambo ukumukonda. Ndipo kugawa galajayo sikukanatheka: dzenje ndi limodzi, makina ndi amodzi, ndipo amuna atatuwo ukawasiya m'chipinda chimodzi, pofika madzulo wina atuluka ndi sipanala pamutu.

Womata matayala wa pa Zalewa uja anandiuza kuti pamene iye ankachoka m'chigwamo, anasiya mdalayo atakhala pa tayala pakhomo pa galaja, kiyi akulira m'dzanja lonjenjemera, amuna atatu ataimirira patsogolo pake, aliyense akuyang'ana manja a mnzake.

Tsono ine lole iyo ikuliza hutala panjapoyo ndi imene ndikukwera, ndipo dalaivala wake sadikira munthu kuti amalize tiyi. Ndipatseni chikwama changa icho. Musandigwire malaya, yankho ndilibe, ndakalamba nalo funsoli m'misewu. Mutsale nalo inu, nthawi ikadalipo, nyali sizinathe mafuta.

Kiyi apite kwa yani? Kwa Zuze, amene analimbitsa thupi koma n'kulitenthetsa? Kwa Tchale, amene analimbitsa miyendo koma n'kubisa katundu wa mwini? Kapena kwa Layitoni, amene anapulumutsa injini poifooketsa, apongozi ake akutha mpweya kumbuyo? Inuyo mukanakhala a Sandalamu, mutagona chagada pa matumba a thonje mukumva zonse, mukanamupatsa ndani?